Kasungu ikukulira kuseri, osati pa M1

Aliyense wodutsa pa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu akafika pa Kasungu amati eee tauni yakula iyi, ndipo sakunama ayi, mashopu a simenti ndi malata mbali zonse, malo omwetsera mafuta, malo ogona alendo, kabaza wa njinga zamoto nde osanena. Koma kukula kwenikweni kwa tauni ino simungakuone muli pa windo la basi, kuli kuseri uko, komwe dzanadzanali kunali minda ya chimanga ndi mtedza pano kwangoti mbee malata okhaokha, ndipo ine ndikuti kumeneko ndi komwe maso a khonsolo amayenera kuthera.

Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 40,000 mtauni muno, wa 2018 anapeza opitirira 58,000, nde mukawerengera bwinobwino ndi ngati pa anthu awiri aliwonse panabwera wachitatu m'zaka 10 zokha. Kuchokera 2018 palibe anatseka geti, anthu akubwerabe. Mlimi akagulitsa mabelo ake a fodya ku okushoni ya Chinkhoma ndalama zikangolowa choyamba ndi ploti mtauni, mphunzitsi watenga loni ploti, namwino ploti, wapolisi woti akupuma ntchito posachedwa ploti, kuonjezera achinyamata ochokera ku Santhe, Nkhamenya, Wimbe, Chamama ofuna kanyumba ka lendi koti azigona akamaweruka ku kabaza. Onsewa akufunika pokhala ndipo palibe cholakwika, vuto ndi mmene malowo akudulidwira.

Mmene zimayendera mukuzidziwa. Mwini munda akaona kuti tauni yamufika pakhomo amayamba kudula, tepi palibe amangoyeza ndi mapazi, kukhoma zikhomo zinayi, mulemberana kapepala pamaso pa amfumu ndi mboni ziwiri, ndalama pamanja basi ploti ndi yanu. Mukafunsa za msewu amaloza ndi dzanja kuti udzadutsa apa mpaka pa mtengo wa mango uwo. Kwathu kuno zinali choncho, tonse oyamba kugula tinalozeredwa pomwepo ndipo tinamanga zitseko zitayang'ana kumeneko, kenako tsiku lina tikudzuka tangoona njerwa zatsitsidwa pakati penipeni pa msewu uja, anyamata akukumba fandeshoni. Tinapita kwa madala amene anatigulitsa aja, ine kuwafunsa mwaulemu ndithu kuti madala, nanga si munati pano ndi pamsewu? Iwo osatekeseka olo pang'ono, akuti mwana wanga, msewu sudyedwa, adzukulu akufunika fizi. Wogulayo naye kapepala kake ali nako kofanana ndi kathu, sayini ya mboni ilipo, nde mumuthamangitsa bwanji. Pano chatsala ndi kanjira pakati pa mipanda iwiri koti wilibala ikadzaza imakhula mbali zonse.

Zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku la zovuta. Mayi wina woyandikana nafe matenda atayamba usiku galimoto inaima kutali uko, azimayi anzake kumugwirizira mbali ndi mbali mumdima ndi tochi za pafoni, wina kutsogolo kumakuwa kuti samalani pali dzenje la chimbudzi apo. Maliro akachitika bokosi limayenda pamapewa mpaka kukapeza lole. Za moto sinditchula nkomwe, olo galimoto yozimitsa moto itabwera lero lomwe ilowera pati?

Nkhani ya madzi imatsatiranso pomwepo. Madzi a m'mipopi si a khonsolo, ndi a Central Region Water Board ndipo amachokera ku damu la Chitete, magetsi ndi a ESCOM, koma paipi ndi mapolo zimayenda motsata msewu, popanda msewu zidutsa pa khonde la ndani? Nde anthu amangokumba zitsime, ploti yake yaing'ono, chitsime apa chimbudzi cha neba apo mpanda wokha pakati, mvula ikagwa yambiri zimbudzi zikadzaza mukudziwa nokha zomwe zimachitika pansipo. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, tinaiona ndi maso athu, koma tikumangabe chimodzimodzi ngati sinadutse.

Malamulo alipotu. Mu 2016 anakhazikitsa malamulo atsopano a malo, limodzi ndi la kakonzedwe ka malo omangapo, ndipo mtauni munthu sumayenera kumanga pulani isanavomerezedwe. Koma wofika msanga pamunda ndi wogula, osati wopima. Ine ndikanakhala ndi mpando mu khonsolo muja chinthu choyamba pa bajeti chikanakhala chimenechi, kutumiza opima malo kutsogolo kwa tauni komwe nyumba zisanafike, kukhala pansi ndi mafumu ndi eni minda, kuika mabikoni, timiyala tosonyeza malire a misewu ndi ngalande, kupatula malo a sukulu, kachipatala, msika, bwalo la mpira ndi manda, eya manda, amene alipowa sakukula nawo. Mwini munda azigulitsa ndithu malo ndi ake, koma azigulitsa mkati mwa mizere. M'mera mpoyamba, bikoni ya simenti ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi kudzagwetsa nyumba ya munthu ndi kumulipira chipukuta misozi.

Chifukwa chake sizichitika nchosavuta kuchimvetsa, bikoni ilibe riboni yodula. Magetsi a sola a mumsewu amajambulika bwino pa Facebook, kaphula kakafupi pakati pa tauni kamajambulika, ndipo sindikuti nzoipa ayi, amayi ogulitsa madzulo kuwala kumawathandiza. Koma kamwala kokwiriridwa m'tchire palibe angavinire chimtali.

Pali za ndalama, zomwe anthu ambiri tikamakalipa m'magulupu a WhatsApp sitiziganizira. Khonsolo imadya kuchokera ku matikiti a mumsika, ndalama za pa depoti, malaisensi a bizinesi, mareti a nyumba ndi malo, kenako zomwe boma limatumiza kudzera ku National Local Government Finance Committee zomwe sizikwana kalikonse. Tsono nyumba yomangidwa pa kapepala ka kwa amfumu m'kaundula wa khonsolo mulibe, nde mareti ilipira bwanji? Mapeto ake munthu wa nyumba ya matailosi, mpanda wa waya wamagetsi pamwamba, galimoto ziwiri mkati salipira kanthu, pomwe mayi wa tomato wa pa thebulo limodzi amadula tikiti tsiku ndi tsiku wagulitsa kaya sanagulitse. Mayi ameneyu ndi amene akunyamula tauni ino, nde chimbudzi cha mumsika chikakhala chosalowereka kapena mulu wa zinyalala ukafika pa thebulo lake ali ndi chifukwa chokwiyira kuposa tonsefe. Eni nyumba nawo mukawauza za mareti amati tilipirenji poti giledala sitinaionepo kwathu kuno, khonsolo nayo imati giledala ibwera ndi mafuta a chani poti simulipira, kumangozungulira pomwepo chaka ndi chaka. Woyamba kusuntha akhale khonsolo, sinanga ndi imene ili ndi mabuku. Amate pa geti la msika mwezi ndi mwezi kuti tatolera zakuti, zapita apa ndi apa, pepala limodzi basi, muone ngati anthu sayamba kufewa.

China chosokoneza, Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya boma lonse la Kasungu ndi ya tauni, ndipo kumene kukumangidwa kwambiri ndi m'malire mwenimwenimo, munthu amagwira ntchito mtauni, zinyalala zake ndi za mtauni, koma mukafufuza mupeza ali mbali ya khonsolo inayo. M1 nayo ndi ya Roads Authority, si ya a meya, nde tisamawayamikire kapena kuwanyoza pa zomwe si zawo, tiwafunse za timisewu ta m'makwalala, makalavati ndi ngalande.

Tisaiwalenso kuti dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lilipo koma mipando ili gwaa, ndipo zaka zimenezo ndi zomwe tauni inkathamanga. Mwina nchifukwa chake mpaka lero ambirife ntchito ya khansala sitiidziwa, timangoti ndi wogula bokosi pamaliro ndi wopereka mpira kwa anyamata. Tinavotanso pa 16 September 2025, tadzifunsani nokha ngati munamvapo munthu akuimika kandideti kumufunsa za pulani ya tauni kapena komwe zinyalala zizikatayidwa, zambiri zinali nsalu ndi matisheti kkkk. Nde khansala naye ndi munthu, amapereka zomwe akufunsidwa. Chonsecho misonkhano ya khonsolo yonse munthu wamba amaloledwa kukakhala nawo kumvetsera, makomiti a chitukuko m'madera aliponso, koma opitako ndi omwewomwewo.

A khansala athu, ngati mukuwerenga, mukapita ku msonkhano wa bajeti kafunseni kuti ndalama ya opima malo ili pa mzere uti. Kwathu kuno kwatha kale, tizingopinda mapewa podutsa pa kanjira kathu, koma tayendani mbali ya msewu wa ku Mtunthama kapena wopita ku Lifupa muone, zikhomo zayamba kale kuoneka m'minda koma njerwa sizinachuluke, opima atapita chaka chino misewu ikhoza kulowa bwinobwino popanda kugwetsa khoma la munthu. Msika wa fodya ukatsegulidwa kawiri kokha kumenekonso kukhala kutadzaza.