Loweruka lomwe ndinatsegula laputopu ya bambo

Nthawi yadutsa 11 koloko usiku. Amayi agona, ndipo kahadi disiki ka malemu bambo, kachipangizo kosunga zonse za mu kompyuta, kali patebulo pano, kakadali kofunda. Ndilembe kaye za lero ndisanaiwale.

Zinayamba pa tiyi wam'mawa. Mwezi wamawa tikukayika chiliza kumudzi ku Ntcheu, ndiye amayi akufuna chithunzi chabwino cha bambo choti chikhale pa pulogalamu ya mwambowo. Anati, "Mwanawe, zithunzi zonse zabwino zinatsalira mu chikompyuta chawo chija. Kodi sungayeseko?" Laputopuyo inazima mu 2019, tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu, ndipo kuyambira pamenepo yakhala pamwamba pa wadiropu, yokulungidwa mu chitenje. Ine ndinkangoiopa. Ndinkaganiza kuti ndikaigwira ndimaliza kuwononga zomwe zatsalamo.

Ndinaiyika mu chikwama n'kukwera minibasi ya ku Limbe. Mnyamata wokonza makompyuta yemwe ndinamupeza anaitembenuza, n'kununkhiza pomwe pamalowa chaja. Anati, "Achimwene, apa chinapsa ndi bodi, pomwe pamalumikizana zipangizo zonse za m'katimu. Disiki ikhoza kukhala ili bwinobwino." Anamasula kachivundikiro kapansi, n'kusolola kachitsulo kosalala, kokwana m'dzanja, kolembedwa 320GB. Zaka zonse bambo anaphunzitsa ku sekondale, mayeso omwe ankataipa usiku, zithunzi zathu, zonse m'kanthu kameneko.

Anandigulitsa kawaya komwe mbali ina kamalowa pa disiki, mbali ina pa USB. Anandifotokozera kuti ndachita mwayi chifukwa ya bambo ndi ya SATA, ya mainchesi 2.5, yomwe imakhutira ndi moto wochokera pa USB. Zikuluzikulu za makompyuta a patebulo, za mainchesi 3.5, zimafuna moto wakewake wa mavoti 12, ndipo zakale kwambiri za IDE, zokhala ndi timano tambirimbiri, zimafuna waya wina. Ndikutuluka anandiitananso. "Mukamva ikulira kuti kha, kha, kha, izuleni pomwepo, musaikakamize. Ndipo kompyuta ikakufunsani zofomata, komwe n'kufufuta zonse za pa disiki, mukane." Mawu amenewo ndawasunga tsiku lonse.

Kufika kunyumba, magetsi kulibe. Batire la laputopu yanga silikhalitsa, ndipo sindinafune kuti izime ntchito ili mkati, choncho ndinadikira mpaka cha m'ma 3 koloko.

Nditalumikiza, ndinayika khutu pafupi. Kanayamba kuzungulira mwakachetechete, ngati njuchi ili kutali. Panalibe kugogoda kulikonse. Pa sikirini panaoneka madisiki awiri, kena kakang'ono ka 100MB kotchedwa System Reserved komwe Windows 7 imadzipangira yokha, ndi ina yaikulu. Ndinalowa mu yaikuluyo, mu foda ya Users, n'kuona dzina la bambo. Pamenepo ndinayamba ndakhala kaye chete.

Fodayo inakana kutseguka, ati ndilibe chilolezo. Windows imasunga kuti foda iliyonse mwini wake ndani, ndipo kwa kompyuta yanga ine ndinali mlendo pakhomo la eni. Ndinadina Continue, kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, kenako khomo linatseguka. Pasiwedi ya bambo sinafunike n'komwe, chifukwa disikiyo sinali yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zonse za pa disiki. Ikanakhala yokhomedwa, popanda kiyi yake ndikanangoiyang'ana.

Ndisanakopere kalikonse ndinaiyeza ndi kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo. Kanaonetsa chenjezo lachikasu, kutanthauza kuti malo ena pa disikiyo ayamba kuwonongeka. Ndiye sindinachite zoyendayenda m'mafoda n'kumasirira. Ndinayamba ndi Pictures, kenako Documents, kenako Desktop, pomwe bambo ankaunjika chilichonse. Zonse ndimazikopera ku disiki yanga yakunja, osalemba kanthu pa yakaleyo. Mafayilo anayi anakanirira, ndinawadumpha n'kupitiriza. Ndaona anthu akulimbana ndi fayilo imodzi mpaka disiki kuferatu zina zonse zisanatuluke, ndipo sindinafune zimenezo.

Chomwe chandivuta kufotokozera amayi ndi nkhani ya mapulogalamu. Iwo amafuna zonse zibwerere momwe zinalili, makamaka Word ndi Excel, poti kaundula wakale wa banki mkhonde yawo bambo ndi omwe ankawalembera mmenemo. Foda ya Program Files ilipo ndithu, yodzaza, koma kuikopera sikuthandiza. Pulogalamu ikamaikidwa mu kompyuta imamwaza mizu yake: zina imalemba mu registry, kaundula wa m'kati mwa Windows, zina imaponya mu foda ya Windows, ndipo layisensi yake imamangirira pa makina amenewo. Ndinawauza kuti, "Amayi, zili ngati mtengo wa mango waukulu. Zipatso tithyola ndithu, koma mtengowo sitingauzule n'kukaudzala kwina." Anagwedeza mutu, n'kufunsa ngati kaundulayo watuluka. Watuluka. Ndinamutsegula ndi LibreOffice, yomwe ndi yaulere, ndipo mayina onse ndi masheya awo anali m'malo mwake. Kwa ine chofunika n'chimenecho. Pulogalamu munthu umakaitenganso kwina, koma zomwe bambo analemba ndi manja awo kulibenso kwina koti ukazipeze.

Mu Downloads ndinapezamo mafayilo oikira mapulogalamu angapo omwe bambo anatsitsa pa intaneti. Amenewo amagwira ntchito, ngakhale ambiri ndi akalekale. Ndinaonetsanso mafoda obisika kuti ndilowe mu AppData, momwe ndinapeza fayilo ya Outlook ya .pst yokhala ndi makalata awo. Mapasiwedi omwe Chrome inasunga sangatseguke pa kompyuta ina, amamangiriridwa ku akaunti ya Windows yomwe inawasunga. Zimenezo ndazisiya, ndipo mwina n'koyenera kuti zikhale choncho.

Zithunzi za ukwati wa chemwali anga munalibe. Amayi anakumbukira kuti bambo anazisamutsira pa fulashi malo atachepa, ndipo fulashiyo inasowa pa nthawi ya maliro. Popeza zofunika zinali zitatuluka kale, ndinalimba mtima n'kuyendetsa PhotoRec, pulogalamu yosaka mafayilo ofufutidwa, pa disiki ya bambo ija. Munthu akafufuta fayilo, kompyuta imangochotsa dzina lake mu kaundula n'kunena kuti malowo ndi opanda mwini, koma zenizenizo zimakhalabe mpaka china chitalembedwa pamwamba. N'chifukwa chake zomwe PhotoRec ikupeza uyenera kuzisungira pa disiki ina. Inatenga maola atatu, ine ndikudya nsima khutu lili ku tebulo. Inatulutsa zithunzi zambirimbiri zopanda mayina awo akale, manambala okhaokha, zina zotuwa theka. Za ukwatizo zabwerako 63. Pa chimodzi bambo avala suti yawo yotuwa ija, akuseka, dzanja lili m'mwamba pa perekaniperekani. Amayi anangoloza ndi chala n'kunena kuti, "Chimenechi."

Koma chomwe chandigwira mtima si chithunzi. Mu Documents munali kafoda kolembedwa kuti Agogo, momwe munali fayilo imodzi ya .amr, mtundu womwe mafoni akale ankajambulira mawu. Ndinaitsegula ndi VLC. Kunamveka nkhuku, mphepo ikuwomba pa foni, kenako mawu a bambo: "Mayi, tayambiraninso, agogo anu aja dzina lawo anali ndani?" Ndipo agogo anayamba kutchula mayina a makolo, mmodzimmodzi, ndi midzi yomwe anakhalako, bambo akuvomera chapansipansi. Mphindi 27. Palibe mwa ife yemwe ankadziwa kuti anajambula zimenezi.

Amayi anali akutsuka mbale. Anabwera manja ali onyowa, n'kukhala pampando osayankhula kanthu mpaka inatha. Kenako anati, "Ibwereze." Tinaimvera kawiri.

Fayiloyo ndaiyika malo atatu usiku womwe uno: pa disiki yakunja, pa laputopu yanga, ndi pa Google Drive, ngakhale bandulo inali itatsala pang'ono. Ndatumizanso kwa chemwali ku Johannesburg pa WhatsApp, ndipo ayankha ndi mawu akulira. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndikhala pansi ndi amayi kuti tilembe mayina aja papepala, chifukwa pena mphepo yaphimba mawu a agogo ndipo ndi amayi okha omwe angawazindikire. Mafayilo anayi okanirira aja ndiyesanso Lolemba.