Dzina la Kasitomala Linasuntha, Sitinadziwe Walisuntha Ndani

Ine ndi amuna anga timagulitsa masola pa ngongole pa boma la Kasungu: panelo, batire, mababu ndi potchajira foni. Makasitomala athu ambiri ndi alimi a fodya a ku Santhe, Chulu ndi Nkhamenya, anthu amene ndalama amazigwira misika ikatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi ina yonseyi amalipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba. Tinayamba ndi mabuku a chikuto cholimba, koma mayina atachuluka mlamu wanga anatiikira Odoo pa kompyuta, pulogalamu yosungiramo makasitomala: dzina, mudzi, nambala ya foni, ndi mnyamata wathu amene anamupeza.

Mzere womalizawu ndiwo wa ndalama. Anyamata athu anayi amayenda panjinga zamoto, ndipo komishoni imapita kwa amene dzina lake lili pa kasitomala.

Mlamu anatisiyira akaunti imodzi, ya Administrator (yaikulu, yotha kusintha chilichonse), ndipo pasiwedi yake tinailemba pakapepala n'kumata pansi pa kiyibodi. Tonse timalowera pomwepo. Tinkaona ngati ndi kukhulupirirana.

Tsiku lina la malipiro mnyamata wa ku Chulu anaima pakhomo la ofesi, chisoti cha njinga chili m'manja. "Amayi, makasitomala anga atatu alowera kuti?" Titatsegula, tinapezadi atatuwo ali m'dzina la mnzake wa ku Santhe. Odoo imasunga mbiri pambali pa kasitomala aliyense, gawo limene amalitcha chatter: chimene chasinthidwa, chinali chiyani, chakhala chiyani, tsiku ndi ola. Zonsezo zinalipo. Koma pa dzina la wosintha panangolembedwa Administrator, kutanthauza aliyense wa ife.

Maso onse anapita kwa wa ku Santhe, poti ndiye amapindula. Amuna anga anafika polemba kalata yomuchotsa ntchito. Mnyamatayo anangoti, "Bambo, tsiku limenelo ndinali ku maliro a agogo, ndipo inu nomwe munandilola." Tinayang'ananso tsiku la mu chatter, ndipo zinagwirizana. Patapita masiku mtsikana wa pakauntala anaulula yekha kuti ndi iye: ankakonza mayina obwereza, n'kusokoneza mizere. Sanabe kanthu, anangochita mantha ataona mkangano wakula. Mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbukira mmene mnyamata uja anakhalira sabata yonse osadya nafe nsima, anzake akumuyang'ana ngati mbava.

Sabata yomweyo kapepala kaja tinakang'amba. Aliyense anapatsidwa akaunti yake. Anyamata a kumidzi tinawaika pa Own Documents Only, kuti aziona maoda awo okha. Wa pakauntala amaona onse, koma zosuntha kasitomala kupita kwa munthu wina tinagwirizana kuti azichita ndi ine ndekha, ndipo ndimalemba chifukwa chake pomwepo. Akaunti ya Administrator sitiigwira pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Munthu akasiya ntchito, akaunti yake timaitseka tsiku lomwelo koma osaifufuta, kuti dzina lake likhalebe pa zimene anasintha.

Poyamba anyamata anadandaula kuti tayamba kuwalondalonda. Anasintha maganizo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mitengo inkasintha pafupipafupi, makasitomala n'kumakangana nawo kuti mwakweza nokha. Mnyamata ankangotsegula foni n'kuonetsa kuti wasintha ndi amayi, tsiku lakutilakuti. Mlandu unkabwera kwa ine, kumene unayenera kubwera.

Mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Linandiganizitsa za chinthu chimene sindinkachilabadira: mu kompyuta yathu muli manambala a anthu, midzi yawo ndi ngongole zawo, zinthu zimene mlimi sangafune kuti mnansi wake adziwe. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse tikatseka shopu ndimakhala mphindi makumi awiri ndikuona amene analowa komaliza liti ndi zimene zasinthidwa. Lachisanu lapitali ndinapeza nambala ya mayi wina wa ku Nkhamenya yasinthidwa usiku. Ndinamuimbira mnyamata wake, ndipo anati mayiwo anataya simu pa msika, agula ina. Ndinaimba nambala yatsopanoyo, anayankha ndi mayi omwewo, mbuzi zikulira kumbuyo.