Ndinapita ku Paris kukamvera gitala yachikale

Amene mumati jazi ndi nyimbo zogonetsa tulo zam'mahotela, khalani pansi kaye ndikuuzeni zomwe ndinakaona ku France. Ndinakwera Eurostar pa St Pancras ku London, maola awiri ndi kenakake ndafika Gare du Nord. Sitimayi imadutsa pansi pa nyanja koma musaganize kuti muona nsomba, ndi mdima okhaokha basi kkkk. Chomwe chinanditengera kumeneko ndi Django Reinhardt, mkulu amene oimba gitala dziko lonse amamuvulira chipewa ngakhale anamwalira kalekale mu 1953.

Ndinayambira ku Musée de la Musique, nyumba yosungiramo zida zoimbira zakale, mumatsika metro (sitima yapansi ya mumzinda) nambala 5 pa Porte de Pantin. Kumeneko kuli gitala yake yeniyeni, Selmer nambala 503, imene mkazi wake Naguine anaipereka mu 1964. Magitala amenewa a Selmer anawapanga kuyambira 1932 mpaka 1952 ndipo sanafike olo 1,000, nde masiku ano kugula imodzi ndi ndalama zoti munthu utha kumangira nyumba. Koma kuiona m'galasimo, aaa, ndi kagitala wamba, bowo laling'ono lotalikirako, thabwa lake lofiirira chifukwa cha ukalamba. Ine ndinaima pompo ndikudzifunsa kuti phokoso lonse lija linkatuluka m'kameneka?

Nkhani ya munthuyu ndi yomvetsa chisoni poyamba. Anabadwira ku Liberchies ku Belgium mu 1910, m'banja la a Manouche, anthu achi Roma aja oyendayenda ndi ngolo zomwe zinalinso nyumba zawo. Anayamba ndi banjo, monga mmene anyamata ambiri akwathu anayambira. Mu 1928 ali ndi zaka 18 ngolo yawo inapsa, kandulo inagwera maluwa opanga omwe mkazi wake woyamba ankagulitsa, moto unabuka nthawi yomweyo. Iye anapulumuka koma dzanja lamanzere linapsa moti zala ziwiri zakumapetozi zinauma, zinapindika osagwiranso ntchito. Munthu wina akanangoti basi zanga zathera pompa. Iyeyu anaphunziranso kuimba ndi zala ziwiri zokha, chamkombaphala ndi chapakati, ndipo pofika 1934 iye ndi Stéphane Grappelli woimba vayolini anali atayambitsa gulu loimba jazi la Quintette du Hot Club de France. Manotsi olembedwa papepala sankawerenga, zonse zinali za m'makutu.

Koma zenizeni ndinazimva Lamlungu masana ku Saint-Ouen. Mumakwera metro nambala 4 mpaka Porte de Clignancourt, kenako kuyenda wapansi kudutsa msika waukulu wa zinthu zakale, mipando, mawotchi, zovala za kaunjika, chilichonse. Mu Rue des Rosiers muli kabala kakang'ono kotchedwa La Chope des Puces komwe amaimba nyimbo zamtundu wa Django kumapeto kwa sabata. Mkati munali mothithikana, ine ndinapeza pokhala pafupi ndi oimba moti ndikanatambasula mwendo ndikanaponda nsapato ya mmodzi.

Anali atatu, opanda ng'oma. Awiri ntchito yawo inali kumenya chingwe cha nyimbo basi, amati la pompe, manja akukwera kutsika limodzi ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, osaphonyana olo kamodzi. Wachitatu anali bambo wachikulire, mimba yake ndithu, jekete yakuda, ndipo gitala yake inali yakale zoona, pansi pa bowo vanishi inachoka kalekale kutsala thabwa loyera pomwe dzanja limakhula, m'mbali muli mng'alu womata. Anayamba pang'onopang'ono kuimba nyimbo mmene ilili kuti tonse tiigwire. Ulendo wachiwiri anayamba kuipotoza. Wachitatu, abale inu, nyimbo ija sinaliponso koma inalipo, zala zikuthamanga kuchokera kumutu kwa gitala mpaka kufupi ndi bowo, kenako nkuima zii pakati penipeni, anzake aja akupitiriza kusinja, ife tonse tagwira mpweya, iye nkugwetsa kanoti kamodzi kokha nkukagwedeza ndi chala mpaka kakulira. Mayi wina kumbuyo kwanga anakuwa, woimba mnzake anangoseka nkupukusa mutu.

Chomwe chinandidabwitsa ndi dzanja lamanja. Mkono sukhudza thabwa, uli m'mwamba, ndipo komenyera nsambo kake ndi kokhuthala, amamenya kutsika mwamphamvu mpaka kukatsamira pa nsambo yotsatira. Nchifukwa chake mawu ake ndi ouma, akuthwa, amaboola phokoso la matambula ndi anthu olongolola. Magitalawa anapangidwa nthawi yomwe woimba ankayenera kumveka ndi mphamvu ya dzanja lake, ndipo mpaka lero zimamveka choncho.

Anthu ena amaganiza kuti kupeka nyimbo pompopompo ndi kungoimba zilizonse zabwera m'mutu. Bodza limenelo. Bambo aja ankadziwa pomwe anzawo ali nthawi iliyonse, akasochera dala amabwerera pakhomo ndendende pomwe chizungulire cha nyimbo chikuyambiranso. Atabwereza nyimbo ina yomwe mnyamata wina anapempha, sanaimbe mofanana ndi poyamba ngakhale pang'ono. Ndaonapo achinyamata ambiri pa YouTube othamangitsa zala kuposa pamenepa, koma kuthamanga kokha kumatopetsa, awa ankadziwanso posiya.

Tsiku lotsatira ndinakwera sitima pa Gare de Lyon mpaka Fontainebleau-Avon, mphindi ngati 40, kenako kupita ku Samois-sur-Seine, kamudzi ka m'mbali mwa mtsinje wa Seine komwe Django anakhala zaka zake zomaliza, akuwedza nsomba ndi kujambula zithunzi. Manda ake ali konko. Kamudzi kabata kwambiri, palibe zambiri zoona, ola limodzi mwamaliza. Chikondwerero cha nyimbo chokumbukira iye chinayambira pamudzipa mu 1968 koma pano chimachitikira ku Fontainebleau nthawi yachilimwe chakumeneko, nde amene mukufuna kupita konzekerani cha kumapeto kwa Juni, ndipo malo ogona musungitsiretu.