Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Galu Akauma Miyendo Pothamanga

Gawo lapitalo ndinalekezera pa zaka zimene ndinkasamalira ndi kuphunzitsa agalu. Lero za ine ziyambe zaima. Ndikufuna ndilembe za vuto limene eni agalu amalisokoneza ndi khunyu, galu n'kumamwa mankhwala osayenera.

Zimayamba galu akathamanga kapena akasangalala kwambiri. Pa agalu a mtundu wa Scottish Terrier, msana umapindika, miyendo yakumbuyo imauma ngati ndodo, ndipo akamayenda amaikweza m'mwamba osapinda. Mukamukakamiza kuthamanga amagwa, nthawi zina mpaka kugubuduka. Koma yang'anani m'maso mwake. Akukuonani, mukamuitana akumva, sakutuluka thovu, sanadzikodzere. Wa khunyu lenileni kawirikawiri amakomoka ndipo akadzuka amakhala wosokonezeka. Uyu akapuma mphindi pafupifupi 10 amadzuka bwinobwino. Vutoli ndi lachibadwa, limakhudzana ndi kuchepa kwa serotonin (mankhwala opangidwa ndi thupi othandiza mitsempha kutumizirana mauthenga) m'mitsempha, ndipo limaoneka galu akadali wamng'ono.

Cavalier King Charles Spaniel ali ndi lake lofanana nalo, lochokera ku jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) yotchedwa BCAN. Mutu umatsika, kumbuyo kumakwera, kenako amagwa ali chiumire.

Awiri ena musawaphatikize pamenepa. Miniature Schnauzer wa myotonia, matenda a minofu yochedwa kumasuka, amauma akangodzuka pogona, koma akayendayenda minofu imamasuka. Labrador wa jini ya DNM1 yolakwika sauma ayi, miyendo yakumbuyo imalefuka atathamanga mwamphamvu mphindi 5 mpaka 20. Uyu ndiye ndimamuopa, chifukwa ena amafa nazo.

Zikayamba, muimitseni pomwepo. Chotsani mpira, agalu anzake ndi ana aphokoso. Musamuwongole miyendo mwamphamvu, ndipo musamuthire madzi m'kamwa, angatsamwe. Yang'anani nthawi, mumujambule vidiyo pafoni, chifukwa pofika kwa dokotala wa ziweto amakhala akuyenda ngati palibe chachitika. Muyezeni kutentha kumatako: madigiri 38 mpaka 39.2 n'kwabwino, koma kukapyola 41 munyowetseni ndi madzi ozizirirapo n'kuthamangira naye kwa dokotala.

Scottish Terrier amathandizidwa ndi diazepam kapena fluoxetine, Cavalier ndi clonazepam kapena acetazolamide, ndipo mlingo wake aike dokotala malinga ndi sikelo ya galuyo. Chimene chimandipweteka mtima ndi aspirin. Mwini amaganiza kuti galu akumva ululu n'kumupatsa, pomwe pa Scottish Terrier aspirin amakulitsa kuuma kwa miyendoko.

Inu oweta agalu oswana, yezetsani majini musanakweretse. Za BCAN ndi DNM1 zimayezedwa ndi magazi kapena thonje lopukutira m'tsaya. Galu wonyamula jini imodzi yolakwika amaoneka wathanzi ndithu, koma mukamukweretsa ndi mnzake wonyamulanso, mwana aliyense amakhala ndi mwayi umodzi pa inayi wobadwa wodwala.