Dzanzi, nkhupakupa ndi nthutumba ya ku Ozarks

Mdala wina amene ndimagwira naye ntchito ku St. Louis, m'chigawo cha Missouri ku America, wakhala akundinyengerera kwa zaka 2 kuti ndikaone mmene amasakira nkhukundembo zakutchire. Ine ndinkangoseka, poti nkhukundembo imene ndinkaidziwa ndi ija ya pakhomo, yoyenda monyang'wa n'kumathamangitsa ana. Mu April uno ndinalola. Tinanyamuka Lachisanu madzulo, kutsata msewu wa I-44 mpaka ku Rolla, kenako kukhotera cha ku Salem, m'mapiri a Ozarks. Za m'njira musandifunse, ndinagona.

Chiphaso chosakira sichinafike madola 20 chifukwa ndimakhala mu Missouri momwemo. Ochokera m'zigawo zina amalipira kupitirira madola 200. Aliyense wobadwa kuyambira 1967 amayenera kuchita kaye maphunziro a ulenje, apo ayi agule kachilolezo ka wophunzira n'kumakhala pafupi ndi mlenje wovomerezeka, monga ndinachitira ine. Ngati muli pa viza, funsani kaye za malamulo a mfuti musanagwire ya munthu. Chimene chinandipweteka m'thumba ndi zovala zamawangamawanga, magolovesi ndi kansalu kobisa nkhope. Zonsezo kuvalira mbalame! Mdala anandiuzanso kuti ndivule chipewa changa chofiira. Mutu wa tambala wa nkhukundembo umaoneka wofiira, woyera ndi wabuluu, ndiye mlenje wina wopupuluma angakuyese ndiwo.

Tinalowa m'nkhalango ya Mark Twain National Forest kusanache, kukuzizira ngati June wa ku Dedza. Tili pakamtunda, mdala anaima n'kulira ngati kadzidzi. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Kwathu munthu wamkulu wolira chotero mumdima, kukacha nkhani yake ili kwa amfumu. Koma kutsidya kwa chigwa tambala anayankha kuchokera mumtengo umene anagona, kulira kwake ngati munthu akugubuduza miyala m'chitini. Umu ndi mmene amadziwira komwe ali.

Tinakhala pansi, msana kutsamira mtengo waukulu, mfuti pabondo. Ndi shotigani, yololedwa kunyamula zipolopolo zosapitirira 3, ndipo siidalirika kupitirira mamita 35 kapena 40. Ndiye mbalameyo iyenera kubwera yokha. Nyengo ino ndi yokwerana, choncho mdala anatulutsa kabokosi kamatabwa n'kumakhula chivundikiro chake, kakulira ngati thadzi losowa mwamuna. Ulenje wonse ndi bodza limeneli basi. M'chilengedwe thadzi ndi limene limapita kwa tambala, ndiye tambala wochenjera amangoima patali n'kumafufuma, kudikira kuti mkaziyo aonekere.

Wathuyo anatidikiritsa ola lathunthu ndi theka. Ine ndinakulira uzimba wa agalu, zibonga ndi kukuwa, woti ukatopa umakhala pachulu n'kumacheza. Kuno ngakhale kumeza malovu umachita kuganizira kaye. Muzu unkandibaya pamatako, mwendo wakumanzere unachita dzanzi mpaka sindinkaumvanso, ndipo kanthu kena kankayenda pang'onopang'ono kuseri kwa khutu langa.

Kenako anatulukira. Anali wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, nthenga zikunyezimira ngati mkuwa, chipsepse atachitambasula, mapiko akukhweretsa pamasamba ouma, ndevu zake zikulendewera pachidali. Ndevuzo ndi zofunika, chifukwa nyengo ino lamulo limalola kuwombera yamphongo kapena ya ndevu zooneka. Ndinkamva kamkokomo kena kapansipansi kochokera m'chifuwa chake. Mdala ananong'ona osagwedeza milomo: "Dikira, mwana wanga. Alowe kuseri kwa mtengo uwo." Ine dzanzi lija linali litandikwana. Ndinangosuntha phazi pang'ono, pang'ono zedi. Tambala anapinda chipsepse, anatukula khosi, anati "phuti!" kamodzi, ndipo ndisanapeze n'komwe pogwira mfuti anali atapita.

Mdala sanakalipe. Anaseka mpaka misozi, n'kundiuza kuti nkhukundembo ikanakhala ndi mphuno yakuthwa ngati maso ake, palibe akanaidyapo.

Tikubwerera ku galimoto anandifotokozera kuti bambo ake ali mnyamata mbalamezi zinali zitatsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1950 mu Missouri monse munali zosakwana 2,500. Boma linayamba kuzigwira ndi maukonde n'kukazimasula m'nkhalango zina, ndipo mu 1960 ulenje wa nyengo ino unatsegulidwanso. Ndinakhala chete, ndikuganiza za nkhanga za kudambo la kwathu zimene tinazimaliza ndi misampha ndi moto, mazira omwe osasiya. Komanso kunena zoona malamulo akuno amatopetsa. M'nkhalango ya boma 1 koloko ikakwana ulenje watha, kaya mwapha kaya ayi, ndipo mukapha muyenera kukanena ku boma pa foni isanakwane 10 koloko usiku. Mbalame imodzi, mapepala ngati mukugula malo.

Lamlungu ndinasiya mfuti, ndinangokhala ngati chitsa, ndipo mdala anapha wake nthawi isanakwane 7 koloko. Tambalayo analemera pafupifupi makilogalamu 10. Akumutumbula kuseri kwa kanyumba kathu, ndinaona akuponya nthutumba m'chidebe cha zotaya pamodzi ndi matumbo. Ndinachita kukuwa. "Madala, imeneyo kwathu amadya ndi mwini khomo! Ikasowa m'mbale, mayi amafunsidwa." Ndinaitola, kuing'amba, kuchotsa timiyala ndi zikhokho za mbewu zakutchire, n'kuikazinga ndi anyezi ndi mchere. Iye anawonjezera bowa wa morel amene anazula m'njira, wooneka ngati chisa cha njuchi. Ndinamupatsa nthutumba yonse ndi manja awiri, monga mwa mwambo. Anaidula pakati, theka n'kundibwezera, ndipo ine ndinalibe mawu omuuzira kuti sizichitika choncho.

Mukapitako, thirani mankhwala a nkhupakupa pazovala dzulo lake, ndipo lowetsani buluku m'sokosi ngakhale muoneke ngati chidzete. Ine ndinanyozera. Nditafika ku St. Louis ndinazula 4, ndipo ya kuseri kwa khutu ija inali itakhuta kale.