Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kalata ya ku UCAS

Gawo lapita ndinalekezera pamene ndinatsimikiza zophunzira uinjiniya wa zamagetsi. Kuno ku Britain, pofunsira malo ku yunivesite umadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu a ofunsira malo, ndipo sungasankhe malo oposa asanu. Kalata yodzifotokoza, imene amati personal statement, imakhala imodzi yopita konseko, ndipo siyenera kupitirira zilembo 4,000, kuwerengera ndi mipata yomwe.

Nditalemba, pepala lija linayamba kuyenda m'manja. Amayi analiwerenga ataweruka ku ntchito ya usiku, nkunena kuti ndionjezere zoti ndimaimba kwaya ndiponso ndine mwana womvera. Aphunzitsi anga a fizikisi anakhwatcha ndime yonse yoyamba, imene inkanena kuti ndili wamng'ono ndinkakonda kumasula mawailesi. Akuti owerenga makalatawa amakumana ndi mwana womasula wailesi tsiku ndi tsiku. Zinandiwawa ndithu, poti wailesi ya agogo ndinaimasuladi, ndipo chikwapu chake ndimachikumbukabe.

Amene anandithandiza kwenikweni ndi amalume a ku Blantyre, pa foni. Ndinali nditatchulako pang'ono zoti kwathu magetsi amazimazima.

"Iwe, zoti amazima akudziwa aliyense. Nanga chifukwa chake ukuchidziwa?"

"Tandiuzani, amalume."

Anandifotokozera kuti magetsi ambiri a m'Malawi amachokera mumtsinje umodzi wokha, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi a m'nyanja akatsika, makina sapanga magetsi okwanira. Mvula ikagwa yambiri vuto limakhala lina: namasupuni ndi zinyalala zimatseka polowera madzi, matope nkumadzaza m'madamu. Anandituma kuti ndikawerenge za Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, imene imalamulira kuchuluka kwa madzi otsikira kumakinako, kenako ndiwerengetse ndekha mphamvu imene madzi amapereka malinga ndi kuchuluka kwake komanso kutalika kwa pamene akugwera.

Masamuwo ndinawachita, ndipo ndime imeneyo ndiyo inakhala phata la kalata yonse. Aphunzitsi aja ataiona anangokonza kalembedwe, osachotsa kanthu. Kwaya inatsala ndi mzere umodzi, amayi osakondwa nazo. Mnzanga wina anafuna kundibwereka kalata yakale ya mkulu wake kuti nditapemo mawu, koma UCAS imayerekeza makalata onse pa kompyuta, ndiye sindinaiyang'ane n'komwe.

Ndinatumiza mu Januwale. Za mmene mayunivesitewo anayankhira, tikumane m'gawo lotsatira.