Za tchuthi chathu: Salima, phiri la Bunda ndi chitenje cha m'maso

Gulu lathu la pa WhatsApp limakhala zii chaka chonse, koma Disembala akangoyandikira foni imachita kutentha. Aliyense ali ndi malo ake oti tikayendeko. Ine ndi amene ndimasunga ndalama za msonkhamsonkha, ndipo ndaona kuti olankhula kwambiri ndi omwe amapereka mochedwa.

Za ku Salima sitinakangane n'komwe. Tidzalawirira m'mamawa, kukasambira ku Senga Bay, kudya chambo chootcha n'kubwerako tsiku lomwelo, chifukwa mitengo ya malo ogona nyengo ya Khrisimasi si ya anthu ngati ife. Wina anatchula Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, koma msewu wake m'dzinja umafuna galimoto yamphamvu, pomwe ife tili ndi ka Sienta kobwereka. Ndiye tagwirizana zokwera phiri la Bunda tsiku lomwe kudzache bwino. Amene ali ndi ana akuti adzawatengera ku Lilongwe Wildlife Centre akaone anyani.

Nkhani yomwe yatidyera nthawi ndi ina. Mnzathu wina amene anakhalako ku Germany anatiuza za Dialogue in the Dark, chionetsero chomwe chinayambira kumeneko mu 1988. Alendo amalowa m'zipinda za mdima wa bii, ndipo owatsogolera amakhala anthu osaona. Iye anati bwanji ifenso timangane zitenje m'maso timve mmene zimakhalira.

M'gulu mwathu muli achimwene ena, mphunzitsi, amene anasiya kuona ali mwana ndipo anaphunzira kusukulu ya ana osaona ya Chilanga ku Kasungu. Nditawaimbira, anayamba ndi kuseka. "Achemwali, mukamanga nsalu ola limodzi mudzangophunzira mantha. Ine sindidzuka ndi mantha m'mawa uliwonse ayi. Koma bwerani kwathu, wotsogolera ndikhale ine, ndipo chisoni chanucho muchisiye pageti."

Loweruka lapitali tinapitadi ku Area 25 kukayesa. Chitenje chitangomangidwa, miyendo yanga inasanduka ya munthu wina. Bwalo lomwe ndimalidziwa bwinobwino linakula, ndipo phokoso lililonse linandiyandikira: wailesi ya aneba, njinga yamoto ya kabaza kunja kwa mpanda, madzi akudontha pa mpopi. Achimwene anandipatsa ndodo yawo yoyera n'kundiuza kuti ndiziigunditsa kumanzere ndi kumanja, patsogolo pa phazi lomwe likubwera. Ine ndinkangokolopa nayo pansi. Iwo ankadziwa pomwe pali khoma pongomva mmene mawu awo akubwerera.

Anatiphunzitsanso kutsogolera munthu. Sumugwira dzanja n'kumamukoka ngati mbuzi yopita kumsika. Umayamba wafunsa ngati akufuna thandizo, iye ndi amene amagwira chigongono chako n'kumayenda pambuyo pako pang'ono, ndipo mukafika pa masitepe umanena ngati ndi okwera kapena otsika. Anati chomwe chimawatopetsa kwambiri ndi anthu oyankhula ndi wowaperekeza, "awa akufuna chiyani?", iwo ali pomwepo.

Nsima sinavute, poti timadya ndi manja kale. Nkhondo inali pa nsomba. Minga yomwe maso amaiona msanga, zala zinkaipeza itafika kale pakamwa, mpaka mnzathu wa ku Germany uja anagonja n'kumangodya masamba. Pothira tiyi anatiuza kuti tiike chala m'mphepete mwa kapu kuti timve akamadzaza. Tebulo linanyowa ndithu. Pomaliza anatigwiritsa buku la zilembo za Braille, timadontho totukuka tomwe sitipitirira 6 pa chilembo chimodzi. Zala zanga zinangomva tokhakhala basi, pomwe iwo ankawerenga mothamanga, uku akutinena.

Kunena zoona, maganizo a chitenjewa ndikuwakayikirabe. Ena atamasula ankati "eee, moyo wovuta bwanji," zomwe achimwene anakaniratu zija. Chomwe tinalawa ife ndi usiku woyamba wa munthu wosazolowera, osati luso la munthu amene amakwera minibasi yekha, kuphunzitsa kalasi yodzaza ndi kulera ana ake.

Iwo aonjezera ulendo wina pa mndandanda wathu, ndipo uwu ndi wopanda chitenje. Akufuna tidzayende nawo wapansi kuchokera kudepoti mpaka kumsika waukulu, maso ali tong'o, tiziwerenga ngalande zosatseka, magalimoto oimikidwa m'njira ya anthu oyenda pansi ndi katundu wa mavenda woyalidwa paliponse. Ku Bunda akuti adzakwera nafe, bola wowatsogolera asadzakhale amene anatayira tiyi patebulo pawo. Apa akunena ine.